Zimene Makina Anandiyankhulira

Tsiku limenelo ndinadzuka ngati masiku onse. Ndinasesa pabwalo, ndinakatunga madzi kumjigo, ndinachapa tizovala ta Thandizo, ndinamuphikira phala, ndinamusambitsa akulira chifukwa madzi anali asanafunde. Nditamusiya ku nazale ndinapita pabenchi panga pamsika wa Lirangwe. Tomato wofewa ndinamuunjika pamulu wotchipa, wabwino ndinamupukuta ndi kansalu. Zinatsala ziwiri: kukayesa diresi kwa telala, ndi kukumbutsa malume Isaki kuti thadzi lokapereka pachinkhoswe asamalisiye lizingoyendayenda, agalu a kuno alibe ulemu.

Chinkhoswecho chinali changa. Mwezi womwewo.

Mwamunayo ndi a Sylvester, kwawo ku Chileka. Amaphunzitsa pa koleji ina mu Blantyre, koma ntchito yake ndi yongogwirizira, ya kontrakiti. Tinadziwana chaka chatha atabwera kudzafunsa mafunso atsikana amene tinasiya sukulu chifukwa cha mimba. Ine ndinasiyira Fomu 2, ndipo bambo ake a Thandizo anapita ku Joni mwana asanabadwe, mpaka lero zii. A Sylvester anandikhazika kuseri kwa chigayo, poti ndi kumene kunali mthunzi, n'kuika foni pakati pathu kuti ijambule mawu. Kafukufuku anatha, iwo sanasiye kubwera. Ankati akufuna tomato. Munthu kukwera minibasi kuchokera ku Chileka kudzagula mulu umodzi pa Lirangwe, ngati kwawoko madimba anauma.

Amayi awo sanandifune. Mkazi wa mwana kale, wopanda setifiketi, anati ndikamudyera mwana wawo maphunziro. Anagonja mochedwa, koma anaika lamulo: ntchito ya mwana wawo iyambe yakhazikika. Ntchitoyo inkadikira chinthu chimodzi. Koleji imafuna kuti mphunzitsi atulutse zimene wafufuza mu jenolo, magazini imene amalembamo anthu ophunzira okhaokha. Pepala la a Sylvester, lonena za ife atsikana, jenolo inali italivomera. Linangotsala kutuluka. N'chifukwa chake telala anali ndi nsalu yanga.

* * *

Dzuwa litakwera, pabenchi panaima mayi wa nsapato zazitali zosadziwa fumbi la Lirangwe.

"Ndinu a Ivy?"

"Ndine. Muli bwanji? Wa mulu uti?"

"Sindinabwerere tomato, asisi. Ndine Lisa."

Dzinalo ndinkalidziwa. Lisa amaphunzitsa limodzi ndi a Sylvester, ndipo pepala lija analemba awiri. Ndi iyenso amene amayi a Sylvester ankamufuna kuti akhale mpongozi wawo. Amaimba kwaya imodzi ndi Agnes, mchemwali wa a Sylvester. Ndinazondotsa ndowa kuti akhalepo. Anaiyang'ana kaye, kenako anakhala.

"Ndikuwerengereni china chake," anatero akutulutsa foni. "Chili m'Chingerezi, ndizimasulira. 'Mtsikana wina wogulitsa tomato pa Lirangwe, wa mwana mmodzi, anati: Ndikamuyang'ana mwana wangayu ndimaona manda a tsogolo langa. Ndikanakonda akanapanda kubadwa.'" Anadzutsa mutu. "Munanena mawu amenewa?"

Panabwera mayi wina wofuna tomato wotchipa. Ndinamuikira mu jumbo, ndinamuonjezera wa banyira, anapita. Manja anagwira ntchito yawo okha.

"Ayi," ndinatero.

"Ganizani bwino. Papita chakatu."

"Zipite zaka khumi. Anandifunsa chimene ndinasiyira sukulu, ndinati panalibe womusiyira mwana. Anandifunsa ngati ndingabwerere, ndinati mwana akakula. Manda a tsogolo? Ine ndimayankhula choncho?"

"Ndi zimene mkonzi wa jenolo wadabwa nazo. Akuti atsikana athu onse, wa ku Lirangwe, wa ku Mdeka, akuyankhula ngati munthu mmodzi wolakatula ndakatulo. Wapezanso kuti mabuku awiri amene tatchula m'pepalamo kulibe, palibe anawalemba. Ndiye akufuna timutumizire mawu amene tinajambula. Ndawamvera dzulo. Anu, asisi, ndi chigayo chokhachokha."

"Nanga awa achokera kuti?"

"AI."

Chinthucho ndinkachidziwa. Loveness wa pasaluni amachifunsa pafoni masitayilo a tsitsi, chimamuyankha ngati munthu.

"N'choletsedwa?"

"Ayi. Nanenso ndimachipatsa Chingerezi changa kuti chindiwongolere. Koma jenolo imati unene poyera pamene wachigwiritsa ntchito, ndipo liwu lililonse ulitsimikize wekha, chifukwa chikanama, wanama ndi iwe. Makina sangaitanidwe pabwalo. Sylvester anauza a jenolo kuti sanachikhudze n'komwe." Anabwezera foni m'chikwama. "Ine mbali yanga inali ya manambala. Ya mawu ndinamukhulupirira iye. Tsono dzina langa lili pamwamba pa pepala limenelo, pambali pa lake."

Pambali pa lake anatchula pang'onopang'ono, kuti ndimve bwino.

"Ndamva kuti diresi lasokedwa kale," anatero akuimirira.

"Mumamva zambiri."

"Amayi amandiuza. Timapemphera limodzi." Anasasa siketi. "Pepanitu. Sindinabwere kudzakuonongerani."

"Mwabwera basi."

* * *

Asanakwere n'komwe minibasi, foni yanga inalira. Uthenga wa a Sylvester.

*Lisa wafika kumeneko? Usamumvere zonse. Ndikubwera.*

*Bwerani.*

*Wakwiya?*

*Ndili pamsika.*

Anafika masana, Thandizo nditamutenga kale ku nazale. Anamubweretsera mandasi monga mwa nthawi zonse, mwana n'kuwakwera pamwendo akufuula kuti, "Ankolo Sili!" Maso awo anali ofiira. Tinakhala pakhonde la malume.

"Nthawi inandithera, Ivy," anayamba. "Nditatsegula zojambula zija, theka lake linali phokoso. Kuti ndibwerere kudzafunsanso onse, zoyendera zinali zitatha. Ndinangotsala ndi timfundo timene ndinalemba pamanja. Ndinatipereka ku makina, ndinati andilembere mmene atsikana oterewa angayankhulire. Zinatuluka zokoma. Zinkamveka zoona."

"Munawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Munawerenga kuti ndikanakonda uyu akanapanda kubadwa." Ndinaloza Thandizo ndi mlomo. Anali atatsika, akugawana mandasi ndi thadzi lija.

"Sindinaganize kuti ndi iwe. M'pepalamo mulibe dzina. Uli nambala chabe."

"Pa Lirangwe pano, ogulitsa tomato a mwana mmodzi amene munatifunsa tilipo angati?"

Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya, ngakhale anali oyera.

"Lisa wakuuzanso chiyani?"

"Wandiuza kuti amapemphera ndi amayi anu."

"Lisa ndi mnzanga wa kuntchito basi."

"Sindinafunse."

Anavala magalasi. "Pali njira. Mkonzi akufuna mawu ojambulidwa. A enawo ndingawachotse, ndinene kuti zojambula zinaonongeka. Koma ako ndi amene anyamula pepala lonse, ali patsamba loyamba penipeni. Ukangowanena kamodzi, ine ndijambule, tatha. Tipite kuseri kwa chigayo komwe kuja, zimveke ngati za chaka chatha."

"Ndinene mawu a makina."

"Ziganizo ziwiri zokha. Palibe wa kuno adzazimve. Pepala lituluka, ntchito ikhazikika, chinkhoswe chichitika. Thandizo yemweyu ndi amene adzapite ku sukulu yabwino. Ndagwira mwendo, amake Thandizo."

Ine sindine munthu woganiza ndi mtima. Ndinaika pasikelo. Mbali ino denga losadontha, sukulu ya mwana, mwamuna wosamwa, wosamenya. Mbali inayo ziganizo ziwiri. Ndinamusiya mwana ndi akazi a malume, ndinavala masilipasi.

"Tiyeni."

* * *

Kuchigayo magetsi anali atazima. Azimayi anakhala pamatumba awo, ena atagona pazitenje, kudikira. Kunali zii, moti unkamva mbuzi ikutafuna jumbo.

"Tidikire ayake," anatero a Sylvester. "Popanda phokoso sizigwirizana."

Tinakhala pamwala womwe uja wa chaka chatha. Anandilembera mawu aja m'Chichewa pafoni yanga kuti ndiwaloweze. Ndinawawerenga chamumtima. Sindinamve kanthu. Ndinangoona kuti Chichewa chake n'chabwino, ngati cha pawailesi.

"Ukafika pa manda upume pang'ono," ananong'ona. "Ngati ukufuna kulira."

"Chaka chatha ndinalira?"

"Ayi. Unaseka. Unati mafunso anga ndi ataliatali ngati ulaliki wa pamaliro."

"Mukukumbukira zimenezo."

"Ndikukumbukira zonse, Ivy. Unavala duku lobiriwira. Unandiuza kuti ndikafuna kudziwa zambiri ndigule tomato kaye."

"Nanga bwanji simunalembe zimenezo?"

Magetsi anayaka. Azimayi anakuwa, kuthamangira pamzere, chigayo chinatsokomola n'kuyamba kubangula. A Sylvester anaika foni pakati pathu, anadina, anafunsa ndi mawu awo a kuntchito.

"Mungandiuze mmene mumamvera mukamuona mwana wanu?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali nditaloweza bwinobwino. Koma chimene chinandibwerera n'chakuti mawu akalowa m'foni satulukamo. Tsiku lina Thandizo adzadziwa kuwerenga, ndi Chingerezi chomwe, pa sukulu yabwino ija.

"Ndinasiya sukulu chifukwa panalibe womusiyira mwana," ndinatero mokweza, kuti chigayo chisandipose. "Akakula ndibwerera."

"Si zimenezo."

"Ndi zimenezo."

"Ivy, chonde."

"Zinazo anene makinawo. Muwajambule iwowo."

Anazimitsa foni. Tinakhala pamenepo mpaka tsitsi lathu linayera ndi ufa. Kenako anaimirira, anati akupita, ine ndinati apite bwino. Sindinawaperekeze ku siteji. Ndinakayesa diresi, poti telala ndinali nditamulonjeza. Linandikwana.

Kunyumba ndinapeza malume akukonza tcheni cha njinga.

"Mkamwini wapita osatsanzika? Mwayambana?"

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera manja ali mu girisi.

"Ziganizo ziwiri? Iwe mwana wa mlongo wanga, ine pofunsira azakhali akowa ndinawauza akwawo kuti ndili ndi ng'ombe. Mpaka lero akuzidikira. Banja lake ndi ili, silinagwe."

"Ng'ombe sizinali mwana wanu, malume."

Anazungulitsa pedulo, tcheni chinalowa. "Nzoona," anatero. "Koma jekete ndasita kale."

* * *

Lamulungu amayi a Sylvester anandiitanitsa ku Chileka. Malume anati ndipite ndekha kaye, nkhani isanafike kwa ankhoswe.

Ndinagwada pakhomo n'kupereka moni. Amayi anali pampando, asanavule yunifomu ya kutchalitchi, Agnes pambali pawo ndi mapepala m'manja. A Sylvester anali pakona. Pepala lija anali atawapatsa okha amayi awo pamene linavomerezedwa, monyadira, ndipo linkakhala m'kabati ya magalasi pamodzi ndi mbale za alendo, losawerengedwa. Tsopano Agnes anali ataliwerenga. Amene anamuuza kuti alitsegule sindinafunse.

"Mwanawe," anatero amayi, "ine sindichulutsa gaga m'diwa. Agnes wandimasulira. Ngati mawuwa unanena, mkazi wofunira mwana wake imfa sangandilerere zidzukulu. Ngati sunanene, ndiye ukuti mwana wanga ndi wabodza, ndipo ukumuphera ntchito imene malemu bambo ake anaivutikira. Sankha wekha."

Ndege inadutsa pamwamba ikutsikira kubwalo, malata ananjenjemera. Tonse tinadikira, monga amachitira anthu a ku Chileka, nkhani ili pakamwa.

"Sindinanene, amayi."

"Wamva, Sylvester? Akukutcha wabodza m'nyumba ya bambo ako."

"Akunena zoona." Mawu awo anali otsika, koma anamveka. "Sananene. Analemba ndi makina, ine ndinalola, kenako ndinabisa. Dzulo ine ndi Lisa talembera mkonzi. Tamuuza zonse. Pepala talichotsa."

Agnes anamenyetsa mapepala patebulo. "Achimwene, mwapenga? Chifukwa cha wa tomato?"

"Chifukwa cha ine."

"Makina!" Amayi anaseka, koma osati kuseka kwa chimwemwe. "Makina adziwa bwanji kuti ali ndi mwana mmodzi? Adziwa bwanji za tomato? Amagula pa Lirangwe makinawo?"

"Zimenezo ndinawauza ndine. Zinazo anapeka."

"Iwe ukumuphimba, anakudyetsa kondaine. Chinthu chotaipidwa, cha Chingerezi, chodutsa m'manja mwa madokotala, chinganame? Kapena pakamwa sananene, koma makina aona zamumtima."

"Amayi, makina saona mtima wa munthu. Amangolumikiza mawu amene amakonda kuyendera limodzi."

"Basi, ndiye mawu amenewa amayendera limodzi ndi iyeyu." Anatembenukira kwa ine. "Ukawauze amalume ako asavutike. Ife sitibwera."

Ndinathokoza. Sindikudziwa chimene ndinathokozera, pakamwa pananena pokha.

A Sylvester anandiperekeza. Pageti tinakumana ndi Lisa akulowa, atanyamula mbale yovindikira.

"Asisi, mukupita kale? Ndawabweretsera amayi chigumu."

"Adya. Lero ali ndi njala."

Anandiyang'ana, n'kutsitsa mawu. "Munachita bwino kukana. Akanakujambulani, ine ndikanakanena."

"Ndiye mukanawina mbali zonse."

Analowa osagogoda.

Pamsewu a Sylvester anafuna kundigwira dzanja. "Amayi aphwa mtima. Ndipatse nthawi." Wakabaza anafika, ndinakwera.

* * *

Patapita masabata, uthenga unandipeza pabenchi.

*Mkonzi wayankha. Akuti tachita bwino kunena tokha pepala lisanatuluke. Ili lafa, koma tikhoza kuyamba lina. Tifunsenso atsikana, tijambule bwino, aliyense timuwerengere mawu ake avomereze, ndipo pamene makina athandiza tinene. Koleji yandipatsa mpaka kutha kwa chaka. Mlandu wanga akakambabe.*

*Chabwino.*

*Iwe sungakhalemo. Akuti wofufuza safunsa chibwenzi chake.*

Ndinalemba kuti, ndidakali chibwenzi? Ndinafufuta. Ndinatumiza kuti, *Chabwino.*

*Tiyambira ku Mdeka. Tikhala komweko mpaka titamaliza. Azakhali ake a Lisa atipatsa malo.*

*Mupewe chigayo.*

M'mawa mwake minibasi yopita ku Mdeka inaima pa siteji yathu kutsitsa anthu. Ndinawaona pawindo, awiri, chikwama chimodzi pamiyendo pawo. A Sylvester anatukula dzanja. Lisa anawauza china chake, anatembenuka kuti amve. Ine ndinali ndi kasitomala.

Tsiku lomwelo malume Isaki anandifunsa kuti nkhani yonseyi yatidyera chiyani, kuti adziwe chowauza abale. Ndinawauza mmene zilili. Diresi lili m'sutikesi, telala analipidwa. Tomato wa tsiku la ku Chileka anaola. Thadzi la chinkhoswe layamba kuikira pathu pomwe, mazira akudya Thandizo. A Sylvester ataya pepala ndi chaka chathunthu, mwina ndi ntchito yomwe. Ine ndataya tsiku la chinkhoswe. Za mwamunayo sindikudziwa.

Chimene sindinawauze malume ndi ichi. Agnes ali ndi mnzake wokwatiwa kuno, ndipo mawu a m'pepala aja afika kale. Dzana Thandizo anagubuduza ndowa yodzaza kumjigo, ine ndinamukalipira monga mayi aliyense amakalipira. Wopopa anasiya kupopa. Azimayi onse anandiyang'ana. Mmodzi anamukokera mwanayo kwa iye n'kumupukuta kumaso ndi chitenje chake.

Mu jenolo mawu aja anawachotsa. Kumjigo kulibe mkonzi.